Funsani Mmisiri: Ndapukuta, ndapenta, nguwi yabwereranso

Makalata a ulendo uno pafupifupi onse akununkha chinyontho, ndiye ndasankhapo asanu. Ena ndawadulako pang'ono chifukwa cha malo, musandikwiyire.

FUNSO: Bambo Mmisiri, ine zandikwana. Kuchipinda kwathu kuseli kwa wadiropu khoma lada bii, timadontho takuda ngati wina wawazapo phulusa la makala, ndipo ukangotsegula chitseko fungo lake ngati chiguduli chonyowa chomwe chaiwalika mu ndowa. Ndapukuta ndi jiki kawiri, ndapakanso penti, pangotha masabata atatu yatulukiranso pomwepo. Mnzanga akuti ndiitane akatswiri adzayeze, koma kodi anthu amenewa amachita chani chomwe ine sindingathe?
Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, pepani ndi ntchito yonseyo koma penti ija mwangoitaya. Nguwi, ena amati chuku, ndi chinthu chamoyo, ndi pachibale ndi bowa, ndipo timbewu take tosaoneka ndi maso tili mumpweya wa nyumba iliyonse, yanga yomwe. Kuti timere timangofuna chakudya ndi chinyontho. Chakudya sichisowa ayi, fumbi, pepala, thabwa, nsalu, ngakhale litsiro lomwe lamata pa penti. Chomwe inu mungailande ndi madzi basi. Jiki amachotsa mtundu wakudawo ndipo pa matailosi kapena galasi amagwiradi ntchito, koma pulasitala ndi thabwa zimamwa madzi, timizu ta nguwi timalowa mkati, ndiye inu mukuona poyera koma pansi pake zili bwinobwino kudikira.

Katswiri weniweni akafika sayamba ndi botolo lopopera. Amayamba ndi mafunso, zinayamba liti, zimakula nthawi ya mvula kapena nthawi yozizira, mumayanika zovala mkati, kuseli kwa khomali kuli chani. Kenako amatuluka panja kukaona denga, mipope yolandira madzi a padenga ngati yatsekeka ndi masamba, ming'alu, komanso ngati nthaka yatsetserekera kunyumba m'malo mothamangitsa madzi. Akabwerera mkati amatulutsa kamakina koyezera chinyontho, kali ndi timano tiwiri tomwe amagunditsa pakhoma kapena pathabwa, amayeza podapo nkuyezanso pouma kuti ayerekeze, nkumatsata chinyonthocho mpaka komwe chikuchokera. Ena amakhala ndi kamera yoona kutentha, iyo siona nguwi ayi musanamizidwe, imangoonetsa malo ozizira, ndipo ponyowa kawirikawiri pamazizira. Amayezanso chinyezi cha mumpweya, chomwe m'nyumba chimafunika chikhale pakati pa 30 ndi 50 peresenti, chisamapitirire 60.

Ndinapitapo pa nyumba ina pomwe eni ake anali atasinthitsa kale malata atatu poganiza kuti ndi denga. Kamakina kaja kanaonetsa kuti kumtunda kwa khoma nkouma gwa, chinyontho chikuyambira cha m'chiuno kutsika, mzere woongoka. Kuseli kwake kunali bafa. Titagumula pang'ono tinapeza polumikizira paipi ya shawa pakudontha kadontho kamodzi kamodzi, mwina kwa chaka, njerwa zitafewa ngati mkate wonyika. Pulambala anakonza tsiku lomwelo.

Koma zanuzi ine ndikukayikira thukuta la khoma. Usiku anthu mukupuma, mawindo otseka, nthunzi ya kubafa ndi kukhitchini yalowa, mpweya wofundawo ukagunda khoma lozizira umasanduka madzi monga botolo limachitira likatuluka mu firiji, ndipo kuseli kwa wadiropu mphepo sidutsa ndiye sipauma. Yesani izi musanaitane munthu: pukutani khoma, dulani pulasitiki wokula ngati mpango wa m'manja, mumate ndi tepi mbali zonse zinayi, musiye masiku awiri. Mukapeza madzi kunja kwa pulasitikiyo, vuto ndi mpweya wa m'chipindamo. Akakhala mkati, mbali ya khoma, ndiye kuti madzi akuchokera mu khoma ndipo apo itanani munthu.

Za kukula kwa nguwiyo, bungwe loona za chilengedwe la ku America la EPA limati ngati malo ogwidwa sakufika masikweya fiti 10, tingoti mita imodzi uku ndi uku, mutha kuchotsa nokha. Valani masiki ya N95, magolovesi ndi magalasi oteteza maso, tsegulani mawindo, kwechani ndi madzi a sopo, osati burashi youma chifukwa mungomwaza timbewu nyumba yonse. Mukafuna jiki, kapu imodzi mu malita pafupifupi 4 a madzi, ndipo chonde chonde musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala okhala ndi amoniya, zimatulutsa mpweya wapoizoni. Umitsani bwino, penti ibwere pomaliza. Wadiropuyo mumusunthe pakhale mpata wolowa dzanja.

FUNSO: Achimwene, ndinaitana kampani ina, mnyamata wawo anangoyang'ana siling'i nkunena kuti iyi ndi nguwi yakuda ija yakupha, titulukemo msanga, atenge mpweya akayeze ku labu kenako adzapopere nyumba yonse. Koteshoni yake ndinachita kukhala pansi. Ndi zoona zimenezi kapena akundidyera?
Bambo wodandaula

YANKHO: Achimwene anga, palibe munthu amene angadziwe mtundu wa nguwi pongoyang'ana. Imene anthu amaiopa ija dzina lake ndi Stachybotrys chartarum, imakonda zinthu za pepala ndi mabolodi zomwe zakhala zonyowa nthawi yaitali, koma zakuda zilipo zambiri, Cladosporium imaonekanso yakuda ndipo imapezeka paliponse. Mtundu wa maonekedwe sukuuzani kuopsa kwake. Ndipo kaya ndi yakuda, yobiriwira kapena yoyera, chochita ndi chimodzimodzi, kutseka madzi nkuichotsa.

Nchifukwa chake ngakhale a CDC, bungwe loona za matenda ku America, salimbikitsa zoyeza ku labu pamene nguwi ikuoneka kale ndi maso, palibenso mlingo wogwirizana woti timbewu tikafika apa mumpweya ndiye poopsa. Kuyeza kumathandiza pamene fungo lilipo koma simukuona komwe yabisala, kapena pali mkangano wofuna umboni wolembedwa, kapena mukufuna kutsimikiza ntchito ikatha. Pamenepo woyeza wabwino amatengako mpweya wa panja kuti ayerekeze ndi wa mkati, akangotenga wa mkati wokha pepala lakelo silikuuzani kanthu.

Chomwe chandikayikitsa kwambiri ndi zopoperazo. Nguwi yakufa imayambitsabe kuyetsemula ndi kubanika, ndiye kuipha sikokwanira, iyenera kutuluka m'nyumba. Ntchito yeniyeni imayenda chonchi: amatseka kaye podontha, amatchinga chipindacho ndi mapulasitiki kuyambira pansi mpaka pamwamba, amaika makina okoka mpweya kutulutsa panja kuti fumbi lisalowe zipinda zina, makinawo amakhala ndi sefa ya HEPA yomwe imagwira 99.97 peresenti ya tizinthu tosaoneka ndi maso ta ma maikiloni 0.3, kenako amagwetsa mabolodi a siling'i owolawo nkuwamanga m'matumba asanawadutsitse pa khonde, amakwecha matabwa a denga, amaumitsa, nkuyezanso ndi kamakina kuti aone ngati aumadi asanakhome zatsopano. Ndi ntchito yafumbi, yotopetsa, sikuti ndi yongolowa ndi thanki kumsana nkutuluka.

Afunseni mafunso awa muone nkhope zawo. Madzi akuchokera kuti ndipo akonza ndani? Ndi zinthu ziti zomwe mutaye? Tidziwa bwanji kuti pauma? Zonse alembe. Ndipo ngati mungathe, woyeza akhale wina, wochotsa akhale wina, chifukwa munthu amene akupindula ndi kukula kwa ntchito sangakuuzeni kuti vuto ndi laling'ono, komanso sangadzipatse yekha malikisi pomaliza. Pezani makoteshoni ena awiri.

FUNSO: Bambo, nyumba yathu m'munsi mwa makoma penti ikutukumuka nkumasupuka, pakutuluka zoyera ngati ufa. Ndi nguwi yoyera?
Mwini nyumba watsopano

YANKHO: Palaniko pang'ono muike mu kapu ya madzi. Zikasungunuka ndi mchere, osati nguwi. Nguwi sisungunuka, imakhala yonyanda ngati thonje ndipo imanunkha. Mchere umenewu umachokera mu njerwa ndi simenti, madzi akamadutsa amaunyamula, akauma pamwamba amausiya. Sikuti udwalitsa munthu koma ukukuuzani kuti khoma likumwa madzi kuchokera pansi, ndipo chizindikiro chake ndi mzere wa mafunde womwe nthawi zambiri sukwera kupitirira mita imodzi. Pomanga pamayenera kuyalidwa chotchinga chinyontho pamwamba pa maziko, amisiri timati DPC. Mwina sanaike, mwina chinang'ambika, koma kawirikawiri chilipo ndithu kungoti wina anadzathira dothi la maluwa kapena simenti ya pakhonde kupitirira pamene chili, madzi nkumalumpha. Kayang'aneni panja kaye, dothi litsike pafupifupi masentimita 15 pansi pa chotchinga chinyonthocho. Penti yotseka madzi musathamangire, imangokankhira chinyontho m'mwamba kapena chipinda china.

FUNSO: Bambo Mmisiri ndithandizeni, ndili pa lendi, kuchipinda kwa ana ngodya yonse ya siling'i yada ndipo mwana wanga wa zaka zitatu akungotsokomola usiku, chimfine chosatha, tikapita kukagona kwa abale amakhala bwino tikabwerera zayambiranso. Landilodi ndamuuza kangapo akuti ndife osasamala sititsegula mawindo. Amayi anga omwe anadwalapo TB timakhala nawonso. Nditani ine?
Mayi wa pa lendi

YANKHO: Mayi, choyamba mwanayo asagonenso m'chipinda chimenecho kuyambira lero, ngakhale zitanthauze kuyala pabalaza. Chachiwiri apite kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala zomwe mwandiuzazi, kuti akachoka panyumba amapeza bwino, mfundo imeneyo ndi yofunika kwambiri kwa iwo. Ine ndine wa makoma sindingakuuzeni chomwe mwana akudwala, koma bungwe la WHO linatulutsa malangizo mu 2009 onena kuti anthu okhala m'nyumba zachinyontho ndi nguwi amavutika kawirikawiri ndi kutsokomola, kubanika, matenda a m'chifuwa, ndipo mphumu imakula. Ku England, mu tauni ya Rochdale, mwana wa zaka ziwiri anamwalira mu 2020 ndipo kafukufuku wa imfa yake mu 2022 anapeza kuti chinayambitsa ndi kukhala nthawi yaitali m'nyumba ya lendi yodzaza nguwi, makolo ake anali atadandaula kangapo. Sindikunena kuti ndikuopsezeni, ana ambiri amachira akangochoka pa chinyontho, koma musalole munthu akuuzeni kuti ndi nkhani yaing'ono.

Amayi anu asayandikire nkomwe pamene pakukwechedwa. Anthu omwe TB inawasiyira mabala m'mapapo, omwe chitetezo cha m'thupi chatsika, kapena ali pa mankhwala a khansa, nguwi ya mtundu wa Aspergillus itha kukhazikika m'mapapo mwawo. Akayamba kutsokomola kosatha, kuonda kapena kulavula magazi, msangamsanga kuchipatala ndipo mutchule za nyumbayi.

Tsono za landilodi. Mwina pa mawindo ali ndi kamfundo, kutsegula kumathandizadi, koma banga la pa siling'i lokhala ndi mkombero wa bulauni ngati tiyi watayikira, lomwe limakula mvula ikagwa, limenelo si la mawindo, ndi denga. Siyani zouzana pakamwa. Jambulani zithunzi lero, ikani rula kapena dzanja pambali kuti kukula kuoneke, jambulaninso sabata yamawa, mulembereni uthenga pa foni kapena kalata yokhala ndi deti, sungani mapepala a kuchipatala. Ngati mungapeze woyeza woima payekha, lipoti lake lonena komwe madzi akuchokera limathetsa zolozana zala. Malamulo a lendi amasiyana dziko ndi dziko ndiye werengani pangano lanu ndipo funsani ofesi yoona za nyumba kapena za umoyo komwe muli, musangosiya kulipira lendi musanafunse chifukwa mutha kupezeka olakwa ndinu.

FUNSO: Paipi inaphulika tili ku ulendo, tapeza madzi nyumba yonse mwina akhala masiku anayi. Kapeti, matiresi ndi sofa tingazipulumutse?
Achinyamata awiri

YANKHO: Aaa masiku anayi ndi ambiri anyamata. Nguwi imayamba kumera pa zinthu zonyowa pakangotha maola 24 mpaka 48, ndiye kapeti ndi siponji ya pansi pake ine ndingataye, matiresi akakhala kuti anamwa mpaka mkati nawonso apite, pamwamba pamauma koma pakati pamakhala ponyowa ndipo mudzagonapo mphuno ili pomwepo. Sofa ngati anangonyowa miyendo tulutsani pa dzuwa, tembenuzani, ng'ambani kansalu ka pansi kaja mununkhize mkati. Zovala ndi makatani chapani ziume gwa musanazipinde. Magetsi zimitsani kaye pa bokosi musanaponde m'madzimo. Kenako mawindo onse, mafani usana ndi usiku, makina ochotsa chinyezi ngati mungabwereke, ndipo chotsani timatabwa ta m'munsi mwa khoma tija ndi thabwa la pansi pa makabati a kukhitchini, madzi amabisala kumeneko. Zithunzi za a inshuwalansi jambulani musanataye kalikonse.