Musagulitse BMW yakaleyo musanalowe pansi pake

Kalata yafika kuchokera ku Luchenza. Bambo wina ali ndi BMW 330Ci ya zitseko ziwiri ya 2003. Yayamba kudya madzi, ndipo ikumagogoda kutsogolo ikamakwera mahampu. Aona Mercedes-Benz E-Class yotsika mtengo pa intaneti, ndiye akufunsa ngati akonze yakaleyi kapena aigulitse n'kuitanitsa Benz.

Achimwene, mawu oti "ikudya madzi" ndi amene andikhudza kwambiri, chifukwa galimoto zamtunduwu zambiri zimathera pamenepo. Mwini wake amayenda ndi chigubu cha madzi a pa mjigo mu buti, kumangothira m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina injini n'kuwira pa mtunda wokwera kuchokera ku Luchenza kupita pa boma la Thyolo, ali kumbuyo kwa lole imene ikukwawa ndi katundu. Injini ya galimoto yanuyo ndi M54, ya masilinda 6, malita 3. Imayendera tcheni osati lamba, ndipo ikasamalidwa imakhalitsa kwambiri. Koma buloko yake ndi ya aluminiyamu. Ikawira kwambiri ngakhale kamodzi kokha, hedi imapindika, ndipo mazinga ogwira mabawuti a hedi mu buloko amatha kusololoka. Makaniko apititsa hedi ku Blantyre kukaipala, agula gasiketi yatsopano, koma pomanga bawuti ingozungulira osagwira. Apo ndiye kuti mwalowa m'ndalama zambiri. Chinanso choopsa n'chakuti kamuvi koonetsa kutentha kanapangidwa kuti kazikhala pakati ngakhale kutentha kukusintha ndithu. Mukakaona kakupendekera kofiira, musafune kukafika kaye pa sitolo yapafupi. Imani pomwepo, zimitsani.

Madziwo nthawi zambiri amathawira pa thanki yapulasitiki imene ili pambali pa rediyeta. Imang'ambika m'mbali, kamng'alu kosaoneka ndi maso injini ikazizira, koma chivindikiro chake chimasunga mphamvu ya 2 bar, ndiye ikatentha madzi amafwamphukira pomwepo. Mudzaona timizere toyera touma ngati mchere. Ine ndimakana zosintha chinthu chimodzichimodzi pa galimoto ya zaka zoposa 20. Mukaika thanki yatsopano, mphamvu yonse imakagwera pa chimene chatsala chofooka, mwezi wamawa mukamva kuti khosi la rediyeta lathyoka. Gulani zonse pamodzi: thanki ndi chivindikiro chake, rediyeta, pampu ya madzi, thermostat (kavalavu kotsegulira madzi opita ku rediyeta injini ikatentha) ndi nyumba yake, mapaipi awiri akuluakulu, ndi malamba. Ngati ndi ya otomatiki, yang'anani fani ya pa injini. Mapiko ake akakalamba amathyoka n'kuboola rediyeta, nthawi zina mpaka kutupitsa boneti.

Ndipo wina asakunamizeni kuti kuno kumatentha ndiye thermostat ingochotsedwa. Chizolowezi chimenechi chaononga injini zambiri. Thermostat ya M54 imalumikizidwa ndi kompyuta ya galimoto. Mukaichotsa injini imayenda yozizira, imamwa petulo wambiri, oyilo amasungunuka ndi petulo wosapsa bwino. Makaniko amene angakuuzeni zimenezo, tengani makiyi anu muzipita.

Pothira madzi atsopano pamalowa malita pafupifupi 8 ndi theka. Theka likhale coolant wabuluu, theka madzi a distilled aja amagulitsira mabatire, osati a asidi. Madzi a pa mjigo amasiya miyala m'timipata ta rediyeta. Kwezani kutsogolo kwa galimoto pang'ono, tembenuzani kiyi osaliza injini, ikani hita pa 32 ndipo fani yake pansi. Masulani kasikuluwu kotulutsira mpweya kamene kali pafupi ndi pothirira, thirani pang'onopang'ono mpaka madzi atuluke opanda thovu. Kasikuluwuko n'kapulasitiki, kamangeni mofatsa. Ambiri amathamangira pamenepa, mpweya n'kutsalira mu hedi, galimoto n'kuwiranso ndi zipangizo zatsopano zomwe.

Nyengo yathu ya kuno nayo ili ndi zake. Chiperoni chikagwa masiku atatu anayi, chinyezi chimalowa paliponse. Galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi m'nyengo yozizira siitentha mokwanira, ndiye pansi pa chivindikiro cha oyilo pamaundana phala loyererako, ndipo timapaipi topumira injini timatsekeka. Kenako utsi wabuluu, oyilo kumatha osaoneka podontha. Muziipatsa ulendo wautali kamodzi pa sabata, kaya kukafika ku Chitakale kapena ku Muloza n'kubwerera. Masamba a bulugama amatseka ngalande za pansi pa galasi lakutsogolo, madzi n'kudikha pafupi ndi mawaya, choncho muzichotsa. Mafuta a mabuleki, DOT 4, amayamwa chinyezi, asinthidwe zaka 2 zilizonse ngakhale akuoneka oyera. Pa zitsetse za ku Makwasa ndi pamene mafuta akale amawira, phazi n'kungolowa pansi. Za petulo wa m'zigubu nthawi imene mafuta akusowa, ndikudziwa kuti munthu amakakamizika, koma zinyalala zake zimatseka fyuluta imene ili pansi pa galimoto, ndipo kuyenda ndi thanki yotsala pang'ono kumapsereza pampu ya pansi pa mpando wakumbuyo. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka madzi galimoto ikakhalitsa osayenda, ndiye musaiimike miyezi ndi thanki ya theka.

Oyilo amalowa malita 6.5, wa synthetic 5W-40, ndipo muzisintha pa makilomita 8,000 mpaka 10,000. Musadikire nambala ya pa dashibodi, inawerengedwera misewu yopanda fumbi ngati lathu. Mukamva fungo la oyilo wopsa ndi gasiketi ya chivindikiro cha pamwamba pa injini imene ikudonthezera pa ekizozi. Mukaona kunyowa kumanzere kwa injini chakutsogolo, ndi gasiketi ya nyumba ya fyuluta ya oyilo. Kagasiketi kotchipa, koma kakasiyidwa oyilo amanyowetsa lamba.

Kugogoda kuja sikundidetsa nkhawa. Ndi mabushi a ma control arm, zitsulo zogwira matayala akutsogolo, mwina ndi ma ball joint ake. Wina ayendetse pang'onopang'ono n'kuponda buleki inu mukuyang'ana tayala lakutsogolo. Likabwerera m'mbuyo mkati mwa mudguard, mabushi atha. Sinthani mbali zonse ziwiri, kenako alignment. Mahampu a pa Bvumbwe muziwakwera ngati mwanyamula mazira, ndipo ngati munaika marimu a 18, bwererani ku 17 ndi matayala a 225/45.

Chimene chingagamule mlandu chili kumbuyo. Ikwezeni pa piti, mutenge tochi, muyang'ane malo anayi pamene chitsulo chonyamula difu chimamangidwa ku thupi la galimoto, makamaka kumanzere chakumbuyo. BMW za m'badwo umenewu zimang'ambika pamenepo. Kamng'alu kakang'ono kamakonzeka: amatsitsa chitsulo chonsecho ndi thanki ya petulo, n'kuwotcherera mapuleti olimbitsa. Ngati pang'ambika mpaka mu buti, pamenepo n'zoona, iganizireni zogulitsa.

Za Benz ija

Mtengo umene mwauona pa masamba ogulitsa galimoto a BE FORWARD kapena SBT nthawi zambiri ndi wa FOB, galimoto ili padoko ku Japan. Funsani wa CIF Dar es Salaam, wophatikiza sitima ndi inshuwalansi mpaka padoko limenelo. Pamwamba pake pali za padoko, ejenti, dalaivala ndi mafuta kudzafika pa Songwe, msonkho wa MRA umene umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, kenako kulembetsa, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera pamsewu) ndi inshuwalansi. Msonkhowo mufunse ku MRA musanatumize ndalama. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo masipeya a Benz amagulidwa ndi dola kapena randi. Galimoto yapamwamba ikatsika mtengo, masipeya ake satsika nawo.

Simunanene chaka chake. Ngati ndi E-Class ya mtundu wa W211 ya pakati pa 2002 ndi 2006, ili ndi mabuleki amagetsi a SBC, amene pampu yake ili ndi malire a ntchito, ikafika pamenepo imafuna kusinthidwa, ndipo siyotchipa. Zina zili ndi mashoko a mpweya a Airmatic: isiyeni usiku wonse, m'mawa ikapezeka yagwada mbali imodzi, ithaweni. Ngati ndi mtundu wotsatira, W212, ya masilinda 4, mvetserani tcheni poliza injini itazizira. Ikangoti wekeche masekondi angapo, tcheni ndi magiya ake zayamba kutha. Ya ku Japan simungaimve, choncho pemphani auction sheet, pepala lofotokoza momwe galimoto ilili, ndipo giredi R ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Yogula konkuno, tukulani kapeti, yang'anani dzimbiri pa njanji za mipando, chifukwa namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anamiza galimoto m'dera lino. Nambala ya chassis igwirizane ndi bulubuku, ndipo ku Road Traffic mupite nokha ndi mwini wake, osati kudzera kwa madobadoba. Mukafunadi yapamwamba yosavutitsa, yang'anani Toyota Mark X kapena Lexus IS250, za injini ya V6 ya malita 2.5, zimene masipeya ake savuta kwenikweni ku Limbe.

Yankho langa ndi ili: yezetsani kompuresheni pa masilinda onse 6, yezetsani ngati utsi ukulowa m'madzi a rediyeta, yang'anani pansi pa buti. Zitatuzi zikatuluka bwino, isungeni BMW, muyambe ndi zamadzi sabata ino, mabushi mwezi wamawa. Kufikira zamadzizo zitakonzedwa, musakwere nayo mtunda wa ku Thyolo.