Gloomhaven ya pa kompyuta: bwanji ikuzizira chonchi?

Mlungu watha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amasewera ndi anzake atatu Gloomhaven, masewera a patebulo a makhadi ndi tizidole momwe osewera amathandizana kumenyana ndi zilombo. Akuti: "Ndinagula ya pa kompyuta poganiza kuti ndipeza zomwe ndimapeza patebulo. Malamulo ndi omwewo, zilombo ndi zomwezo, koma sizikundikoma. Vuto ndine kapena opanga?"

Mayi, vuto si inu ayi. Opangawonso sindiwaimba mlandu kwenikweni.

Mukulidziwa bokosi lija la Gloomhaven ya patebulo lomwe Isaac Childres anatulutsa mu 2017, lolemera pafupifupi makilogalamu 10. Musanaponye khadi ndi limodzi lomwe, mumayamba mwayala mapu, kusakasaka kakatoni ka chilombo chilichonse, kusanja makhadi. Masewera ali mkati, mkangano uja umabuka: chilombochi chilondola ndani, poti awiri ali pamtunda wofanana? Ya pa kompyuta, imene Flaming Fowl Studios inamaliza mu 2021, inasenza ntchito yonseyo, ndipo pamenepa ndiyoyamikika. Kuwerengera sikuyitopetsa.

Koma posesa zinyalala inasesera limodzi ndi ndolo. Patebulo, lamulo limakuletsani kuuza anzanu nambala yeniyeni ya khadi lomwe mwasankha, imene imasonyeza woyamba kuyenda: nambala ikachepa, mumayenda msanga. Mumangoti, "Ine ndiyenda mwachangu ndithu, musanditchingire njira." Mnzanu amakuyang'anani m'maso, n'kuganiza kuti "mwachangu" wanuyo ndi 12 kapena 30, kenako amalakwitsa, nonse n'kufa nacho chiseko. Mukakhala nokha pa sikirini mukuyendetsa ankhondo onse anayi, makhadi onse mukuwaona. Mubisira ndani? Zatsala ndi masamu okhaokha.

Palinso chifundo cha patebulo. Mukaika kachidole pamalo olakwika, wina amati, "Bwezani, sitinaone." Pulogalamu siidziwa kuyang'ana kumbali.

Nkhaniyi ndi yakale. Dungeons & Dragons, sewero lina la patebulo, imene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, imadalira munthu mmodzi wotchedwa Dungeon Master, amene amasimba nkhani ndi kuweruza. Mukamuuza kuti simukufuna kumenyana ndi chinjoka, mukufuna kuchinyengerera ndi nyimbo, amakanda m'mutu n'kunena kuti, "Chabwino, ponyani dayisi." Kompyuta imavomera zokhazo zomwe wina anazilemberatu. Pool of Radiance ya mu 1988, yomwe ndi Dungeons & Dragons ya pa kompyuta, inatenga makamaka malamulo a nkhondo, poti ndiwo osavuta kuwasandutsa manambala. Inzake, Baldur's Gate ya kampani ya BioWare, mu 1998, inabisa madayisi kuseri, nkhondo n'kumayenda yokha mpaka mutaiimitsa kuti mupereke malangizo.

Chimene Larian Studios ya ku Belgium inachita mu 2023 ndi Baldur's Gate 3 chimandisangalatsa kwambiri. Inabwezeretsa dayisi ya mbali 20 pakati pa sikirini. Mumaidina, imagubuduzika, mtima uli m'mwamba. Kunena zoona, kompyuta siifunikira kagubudugubudu ameneyo. Nambala imaipeza m'kuphethira kwa diso. Anaikapo chifukwa cha ife. Anaikamonso chosankha chotchedwa Karmic Dice, choti tsoka lisamakutsatireni nthawi zambiri motsatizana. Mukudziwa chifukwa chake? Dayisi ikakugwetsani katatu ichokera m'dzanja lanu, mumatukwana dzanjalo. Ikakhala ya kompyuta, mumalumbira kuti ikubera. Inenso ndinalumbirapo choncho, pakati pa usiku, ndili ndekha.

Ndiye muchite chiyani? Osaitaya. Ya pa kompyutayo imalola anthu anayi kusewera limodzi pa intaneti. Itanani anzanu atatu aja, aliyense agwire wankhondo wake yekha, muzilankhulana, ndipo lamulo lobisa manambala lija mulisunge ngakhale palibe wokulondani. Ngati mukusowabe mikangano ija, yesani Tabletop Simulator ya mu 2015. Iyo payokha siiweruza chilichonse: imangokupatsani tebulo, makhadi ndi tizidole, inu muzisuntha nokha. Ilinso ndi batani logubuduzira tebulo lonse mukapsa mtima.