Malo ali mbwee, nanga Amereka akumangiranji chokwera kumwamba?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Blantyre, amisiri omanga nyumba amene akhala akuyala njerwa kwa zaka zoposa 20. Mphwawo amene akuphunzira ku Austin, m'chigawo cha Texas ku Amereka, anawatumizira pa WhatsApp chithunzi cha nyumba yatsopano yotalika mpaka mutu wake kubisala m'nkhungu ya m'mawa. Iwo analemba kuti: "Ndimamva kuti dziko limenelo munthu umayenda pagalimoto tsiku lonse osaona mudzi. Nanga akumangiranji chokwera kumwamba? Zina ndimaziona zoonda ngati bango, mphepo siziwagwetsera? Ndipo amagonamo ndani?"

Zikomo kwambiri bambo. Mafunso anu ndi a munthu wodziwa kulemera kwa khoma, choncho ndiyankha mosathamanga.

Nyumba ya pachithunziyo ndi Waterline. Ili ndi nsanjika 74, kutalika kwake ndi mamita 312, ndipo inafika pamapeto pa msinkhu wake mu 2025. Yaposa nyumba ya JPMorgan Chase Tower ya ku Houston imene inali yaitali kuposa zonse mu Texas kuyambira 1982. M'kati mwake muli hotela, maofesi ndi nyumba zogona za lendi.

Za malo mukunena zoona. Mu Texas mokha mungalowe Malawi pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Koma ganizirani za msika wa Limbe. Malo opanda munthu alipo ambiri kutali ndi msika, koma wogulitsa tomato aliyense amalimbirana kachigawo kakang'ono ka pafupi ndi chipata, pamene anthu amadutsa. Malo amene onse akuwafuna ndi ochepa, ngakhale dziko likule bwanji. Chilumba cha Manhattan ku New York ndi masikweya kilomita 59 okha m'bwalo lake lonse, koma mumakhala anthu oposa 1.6 miliyoni, ndipo masana enanso ochuluka amalowamo kudzagwira ntchito. Amene wagula poloti pamtengo woopsa pamalo otere sangabweze ndalama zake ndi nsanjika zitatu. Amasanja poloti yomweyo kambirimbiri, n'kuigulitsa ka 60 kapena ka 90. Nyumba yaitali imayamba ndi masamu a mtengo wa dothi, luso la mainjiniya limabwera pambuyo.

Mbiri yake ndingoidutsa mwachidule. Khoma la njerwa likamatalika limafuna kunenepa m'munsi, inu mukudziwa kuposa ine. Anthu a ku Chicago, pomanganso mzinda wawo utapsa ndi moto mu 1871, anayamba kusenzetsa katundu mafupa a chitsulo, khoma n'kungokhala chofunda. Home Insurance Building ya mu 1885, ya nsanjika 10, ndi imene ambiri amaitchula kuti inali yoyamba. Chikepe chokhala ndi mabuleki ogwira chingwe chikaduka, chimene Elisha Otis anaonetsa ku New York mu 1854, chinachititsa kuti nsanjika za pamwamba zisiye kukhala chilango cha miyendo. Kenaka kunabwera Empire State Building mu 1931, ndi Sears Tower ya ku Chicago ya mamita 442, imene mapulani a mafupa ake anakonza ndi Fazlur Rahman Khan, mwana wa ku Bangladesh. Mpikisano wa nyumba yaitali padziko lonse Amereka anautaya mu 1998 pamene Malaysia inamaliza Petronas Towers, ndipo lero Burj Khalifa ya ku Dubai ili pa mamita 828. Yaitali kuposa zonse ku Amereka ndi One World Trade Center, ya mamita 541, imene inatsegulidwa mu 2014.

Tsopano zoonda ngati bango zija. Zimenezo zili ku New York, pa msewu wa 57th Street ndi pafupi pake, kumwera kwa paki yaikulu ya Central Park. Ndinaimapo pansi pa imodzi, ya pa nambala 111 West 57th Street, tsiku lina kukuzizira. M'munsi mwake muli nyumba yakale ya mu 1925 imene kampani ya Steinway inkagulitsiramo mapiyano, ndipo nyumba yatsopanoyo yaphuka pambali pake ngati mphukira pachitsa. M'lifupi mwake ndi mamita 18 okha. Ndinawerenga mapazi anga, ndipo ndisanafike pa 30 ndinali nditaidutsa. Koma nditakweza maso khosi linawawa, chifukwa yakwera mamita 435. Kutanthauza kuti msinkhu wake ndi wowirikiza ka 24 poyerekeza ndi m'lifupi mwake. Pamwamba imanka ichepa pang'onopang'ono ngati nthenga, ndipo mitambo ikamadutsa zimaoneka ngati nyumbayo ndi imene ikukugwera.

Chimene chimalola zimenezi ndi lamulo lina lodabwitsa. Ku New York, kuyambira mu 1961, poloti iliyonse ili ndi mlingo wa kukula kwa nyumba imene ingamangidwepo. Ngati nyumba yanu ndi yaifupi ndipo simunamalize mlingo wanu, wotsalawo mungathe kuugulitsa kwa woyandikana nanu. Amati air rights, kunena kwake ufulu wa mlengalenga mwa denga lanu. Womanga amayenda khomo ndi khomo kwa zaka, kugula mlengalenga mwa anzake, kenaka n'kuunjika zonse pa kapoloti kamodzi. Apa amapha mbalame ziwiri: nyumba yake imatalika, ndipo oyandikana nawo sangadzamangenso chokwera n'kumutchinga. Central Park Tower, ya mamita 472, imene ndi yaitali kuposa nyumba zonse zogonamo anthu padziko lapansi, inagula mlengalenga mwa sukulu yakale ya zojambulajambula ya Art Students League, ndipo mbali ina ya nyumbayo yalendewera pamwamba pa denga la sukuluyo. Banki ya JPMorgan Chase nayo inagula mlengalenga mwa siteshoni ya sitima ya Grand Central ndi mwa tchalitchi cha St. Bartholomew's. Tchalitchi chinapeza ndalama zokonzera nyumba yake pogulitsa mpweya umene uli pamwamba pa denga lake.

Funso lanu la mphepo ndi limene landikoka mtima, chifukwa ndi limenenso limawasowetsa tulo mainjiniya. Pa nyumba yaitali chonchi, kulemera si mdani wamkulu. Mdani ndi mphepo ya m'mbali. Ikagunda nyumba imagawika, n'kumapanga tiakamvulumvulu kuseri, kena kumanzere kena kumanja, motsatizana. Timeneti timakankha nyumba uku ndi uku, ndipo kukankhako kukagwirizana ndi kagwedezeke ka nyumbayo, kuyendayenda kumakula.

Ndiye nyumba zimenezi zimagwedezeka ndithu, ndipo anazimanga kuti zizitero, ngati nsungwi. Choopsa kwenikweni si kugwa ayi, koma kuti wokhalamo asamve chizungulire ndi nseru. Pakati pa nyumba amaimika msana wa konkire yolimba kwambiri, mmene mumadutsa zikepe ndi masitepe. Konkireyo amaipopa m'mapaipi kuchokera pansi, ndipo chikombole chake chimadzikweza chokha nsanjika ina ikauma. Kenaka amaisokoneza mphepo. Pa 432 Park Avenue ku New York komweko, nyumba ya mamita 426 yooneka ngati bokosi lalitali la mawindo ofanana, pakatha nsanjika 12 zilizonse anasiya nsanjika ziwiri zopanda magalasi kuti mphepo izingodutsa. Mayi Jeanne Gang, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anachitanso chimodzimodzi pa St. Regis ya ku Chicago, ya nsanjika 101, imene ndi yaitali kuposa nyumba zonse zojambulidwa ndi mayi: pafupi ndi nsonga anasiya chibowo cha mphepo.

Chomaliza ndi chimtolo cha chitsulo chimene amachiika pamwamba penipeni. Cha ku 111 West 57th Street chimalemera matani 800. Taonani mayi amene wasenza ndowa yodzaza madzi: thupi likapendekera uku, khosi limabweza ndowa mbali inayo, madzi osatayika. Chimtolocho chimagwira ntchito yomweyo. Nyumba ikapita kumanzere icho chimatsalira kumanja, n'kuibweza, ndipo zogwirira zake za mafuta zimameza mphamvuyo.

Koma musaganize kuti zonse zimayenda bwino. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2021 eni nyumba a mu 432 Park Avenue anasumira omanga, kudandaula za madzi odontha, zikepe zoima mphepo ikakula, ndi makoma olira usiku. Ku San Francisco, Millennium Tower ya nsanjika 58 inatsegulidwa mu 2009, koma pofika 2016 inali itamira masentimita 40 ndi kupendekera mbali imodzi. Mizati ya maziko ake inathera mumchenga, osafika pathanthwe. Kuikonza kunadya madola pafupifupi 100 miliyoni, pokhoma mizati ina mpaka pathanthwe. Nkhani imeneyi mmisiri aliyense amene anakanganapo ndi mwini nyumba wofuna kuchepetsa simenti ya maziko angaimvetse.

Amagonamo ndani? Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mu nyumba zoonda za pa 57th Street, kawirikawiri nsanjika yonse imakhala ya banja limodzi. Mu 2019 Ken Griffin, mwini kampani ya zachuma ya Citadel, anagula nyumba mu 220 Central Park South pa madola 238 miliyoni. Ambiri ogula ali ndi nyumba zina ku London, ku Miami ndi kwina, ndipo kuno amangobwera masabata ochepa pachaka. Madzulo a tsiku lomwe lija ndinabwerera kukayang'ana kutada. Mawindo ambiri anali bii, nyale zikuyaka apa ndi apo basi. Pansi pake, pafupi ndi khomo la sitima ya pansi panthaka, bambo wina anali atayala makatoni pa chitsulo chotulutsa mpweya wofunda, atadzikulunga bulangete mpaka kumutu. Nyumba zimenezi ndi nkhokwe zosungiramo ndalama, ndipo nkhokwe siidandaula kuti mulibe munthu. Masana zimaponyanso mithunzi yaitali pa Central Park, pamene ana a anthu wamba amasewera.

Ku Austin kwa mphwanu nkhani ndi yosiyanako. Anthu anakhamukira kumeneko chifukwa cha ntchito. Kampani ya Oracle inasamutsira likulu lake kumeneko mu 2020, ya Tesla mu 2021, ndipo boma la Texas silidula msonkho pa malipiro a munthu. Lendi inakwera moopsa. Mzindawo unalola kuti nyumba za lendi zimangidwe zochuluka zedi, ndipo kuyambira cha mu 2023 lendi inayamba kutsika. Mufunseni mphwanuyo, mwina waona kusinthako pa lendi yake. Koma chimene chinatsitsa lendi si Waterline. Ndi nyumba wamba za nsanjika zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene zamera paliponse, zimene palibe amene amazijambula n'kutumiza kumudzi. Kwa ine zimenezo ndi zofunika kuposa nsanja zonse za pa 57th Street kuziphatikiza.

Miami nayo ikukwera. Florida nayonso ilibe msonkho wa pa malipiro, ndipo Citadel yomwe ija inasamukira kumeneko kuchoka ku Chicago mu 2022. Akumanga Waldorf Astoria ya nsanjika 100, yooneka ngati mabokosi osanjikizidwa mopotoka, imene idzathera pa mamita 320 chifukwa ndege zotera pabwalo la pafupi sizilola kupitirira apo. Komatu kumeneko ndi kwa mphepo zamkuntho, mwala wa pansi ndi wa timabowo tolowa madzi, ndipo mchere wa m'nyanja umadya zitsulo za m'konkire. Pa 24 Juni 2021, ku Surfside, nyumba ya nsanjika 12 yomangidwa mu 1981 inagwa usiku anthu ali mtulo, n'kupha anthu 98. Sinali yaitali kwenikweni. Inali yokalamba, ndipo ming'alu yake inali itadziwika kale kukonza kusanayambe.

Za maofesi zasokonekera chibwerere mliri wa Covid-19. Anthu anazolowera kugwirira ntchito kunyumba, ndipo nyumba zakale za maofesi zambiri zili zii. Zina akuzisandutsa zogona: ya pa 25 Water Street ku New York yatuluka nyumba zoposa 1,300. Koma nthawi yomweyo makampani olemera akufuna zatsopano. JPMorgan Chase inagumula likulu lake la nsanjika 52 pa 270 Park Avenue, nyumba yabwinobwino, n'kumangapo la mamita 423 limene linatsegulidwa mu 2025.

Chenjerani ndi zithunzi zina za pa Facebook, chifukwa zambiri ndi zojambula pa kompyuta. Ya ku Oklahoma City yotchedwa Legends Tower, imene akuti idzakhala ya mamita 581, khonsolo inaivomereza mu 2024 koma ikadali papepala. Ku Chicago kunali pulani ya Chicago Spire ya nsanjika 150. Anakumba dzenje la maziko, chuma chinagwa mu 2008, ndipo dzenjelo linakhala pululu kwa zaka zoposa khumi. Ku Los Angeles, nyumba zitatu za Oceanwide Plaza zinaima mu 2019 kampani ya ku China itasowa ndalama, ndipo kumayambiriro kwa 2024 anyamata anakwera n'kulemba mayina awo ndi penti pa nsanjika zambirimbiri. Inu mwaonapo nyumba zoima pa lintala kwa zaka, udzu utamera m'zipinda. Matenda ake ndi omwewo: ngongole, chiwongoladzanja, ndi mwini amene anayamba asanawerenge bwino.

Mukamalankhulanso ndi mphwanuyo, mupempheni apite pamalo ena pamene ntchito ikadali m'kati, chifukwa ku Austin makireni sasowa. Akujambulireni dzenje la maziko asanathire konkire, muone kuluka kwa zitsulo zake ndi kunenepa kwake. Mukachilandira chithunzicho munditumizireko, ndipo mundiuze zimene diso lanu laonapo.