Achemwali mwafunsa zokadzipereka kumakampu namondwe akabweranso, yankho langa ndi ili

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa namwino wachitsikana amene sukulu anamaliza, layisensi ali nayo koma ntchito sanaipezebe. Akufunsa ngati ndi nzeru kulembetsa dzina kuti kukagwa namondwe wina ngati Freddy akathandize kumakampu mwaulere, poti kwawo akumufunsa kuti kodi fizi yonse ija tinalipirira kuti uzikagwira ntchito ya bule? Funso lake ndi lomwelo basi, koma landikhudza kwambiri moti pepani achemwali, ndiyankha motalika.

Freddy anatipeza tili otopa kale, izi anthu amaiwala. Kolera inali itayamba mu Malichi 2022 ku Machinga nkufalikira dziko lonse, inapha anthu oposa 1,700, mpaka masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulira mu Januwale 2023 chifukwa cha iyo. Ndiye manesi ambiri tinali titakhala miyezi tikununkha klorini, kenako mvula ija nkuyamba osakata, pa 13 Malichi 2023 kukucha timve phiri la Soche lagumukira nyumba za anthu ku Chilobwe. Namondwe ameneyu anachokera kutali kufupi ndi Australia, anawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, kumenya Madagascar, kumenya Mozambique, kubwerera kunyanja nkudzalowanso cha ku Quelimane, masiku 36 ali moyo, palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chonchi. Kuno kwathu anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, oposa 600,000 anathawira m'makampu, ambiri ake m'masukulu ndi m'matchalitchi.

Ine ndinali pa ofu, ndinangovala majombo nkutsatira anzanga awiri kusukulu ina ya pulayimale komwe anthu anathawira. M'mutu mwanga munali mabala ndi mafupa othyoka, ndipo zoonadi analipo, anthu ochekedwa ndi malata, mabala odzaza matope oti kutsuka kwake umachita kupempha munthu kuti agwire mtima poti mankhwala oletsa ululu panalibe. Koma ovulala kwambiri aja anali akutengeredwa kuchipatala chachikulu cha Queens, ife kukampu tinatsala ndi ntchito ina imene palibe amaijambula. Agogo ena anandikoka diresi nkundinong'oneza kuti mwana wanga, mankhwala anga aja apita ndi madzi. Samafuna kutchula dzina lake chifukwa m'kalasimo munali anthu a m'dera lawo lomwelo, ena oti amapemphera nawo limodzi. Anali ma ARV, ndipo kabuku ka kuchipatala kanapitanso, sakukumbuka olo dzina la mtundu umene amamwa. Tsiku limenelo lisanathe anali atabwera ena angapo ndi nkhani yomweyo, aliyense payekha, aliyense monong'ona. Kenako a BP, a shuga, a TB oti ali pakati pa mankhwala, mnyamata wa khunyu amene anagwa usiku pakhonde mayi ake akulira kuti mapilitsi anali m'chikwama chimene chinatsala m'nyumba. Amayi oyembekezera atagona pasimenti chitenje chimodzi chomwecho chonyowa, wina matenda anamuyamba usiku magetsi kulibe, tinamubereketsa ndi tochi ya foni mu ofesi ya ahedi, mwamwayi zonse zinayenda bwino koma akanataya magazi ambiri panalibe chomuthandizira ndipo galimoto sikanafika.

Apa mpamene ndimalimbira mtima kunena kuti namwino amafunika kwambiri sabata yachitatu kusiyana ndi tsiku loyamba. Tsiku loyamba aliyense amakhalapo, asilikali, a Red Cross, achinyamata a m'dera ndi makasu awo, ndipo anagwira ntchito yaikulu, anthu ena anakumba matope ndi manja kufunafuna abale awo. Koma pakapita masabata awiri magalimoto aja amachepa, zimbudzi za sukulu zoti zinamangidwira ana masana okha zadzaza, ana ayamba kutsegula m'mimba, mphere zagwira kalasi yonse, malungo akwera chifukwa madzi ali ponseponse ndipo maneti anapita, ana aang'ono ayamba kunyentchera poti chakudya ndi nsima ya soya pisi kamodzi patsiku. Nthawi imeneyo munthu wodziwa kuona mwana nkuzindikira kuti uyu madzi amuthera m'thupi, asungunulireni Thanzi pompano, uyu ayi thamangani naye akaikidwe diripi, ndi amene amapulumutsa moyo.

Sikwathu kokha kuno ayi. Ku Puerto Rico kutagwa namondwe Maria mu Seputembala 2017 boma linayamba lanena kuti afa anthu 64, koma ofufuza a ku George Washington University atawerenga bwinobwino imfa za miyezi yotsatira, chiwerengero chinafika 2,975 ndipo boma linavomereza mu 2018. Ambiri sanafe ndi mphepo, anafa chifukwa magetsi anazima miyezi yambiri, insulin wa odwala shuga osasungika, makina otsukira impso osayenda, misewu yopita kuchipatala yotsekeka. Anamwino a ku America ali ndi gulu lawo lotchedwa Registered Nurse Response Network limene linayamba pambuyo pa namondwe Katrina wa 2005, ndipo anatumiza anamwino ku Puerto Rico komweko kukayenda m'midzi khomo ndi khomo. Chimene chimandigwira mtima ndi choti iwowa mayina amakhala nawo kale namondwe asanabwere, amadziwa kuti uyu ndi mzamba, uyu ndi wa ana, uyu angathe kuchoka pakhomo masabata awiri. Ife timayamba kufunsana pa WhatsApp madzi atafika kale m'khosi, chonsecho tinaona namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana ndi namondwe Gombe mu 2022, ndipo akuluakulu a ku Phalombe amakumbukabe napolo wa 1991. Chigwa cha Shire chimasefukira pafupifupi chaka chilichonse, ku Makhanga kumafikika ndi boti kapena helikopita basi madzi akakwera, palibe chachilendo apa.

Tsopano za makolo anuwo. Sindiwatsutsa ngakhale pang'ono, akunena zoona ndipo zimandiwawa. Dziko lino lili ndi anamwino ophunzira bwino amene ali pakhomo akugulitsa kaunjika ndi ma eyataimu pomwe m'mawodi namwino m'modzi akuyang'anira odwala odzaza mpaka pansi, ndiye kukagwa tsoka mpamene timawakumbukira nkumawauza kuti unamwino ndi maitanidwe. Inde ndi maitanidwe, ine ndimakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, koma lendi imafuna ndalama ndipo minibasi sikweza munthu chifukwa cha maitanidwe. Kukampu kuja anabwera anthu ena ndi mafomu natilemba mayina kuti kabwera kangachepe ka thiransipoti, sitinakaone, ine ndinali ndi malipiro anga kuntchito ndiye sizinandipweteke kwenikweni, koma panali mtsikana wina ngati inuyo amene amayenda wapansi mtunda wautali m'mawa uliwonse, nsapato zake zinatha ndi matope, ndipo ndi amene amagona ndi ana otsegula m'mimba aja. Panabweranso ena ndi makatoni a mankhwala otsala pang'ono kutha ntchito, ena olembedwa chilankhulo choti palibe amatha kuwerenga, kujambulitsa nawo zithunzi nkumapita, ife chimene timasowa chinali sopo, zidebe za mpopi, magolovesi ndi mapadi a atsikana. Kudzipereka kwa namwino kusakhale njira yoti ena azembere kulemba anthu ntchito, zimenezi ndizinena kulikonse ndipo mabungwe athu a anamwino akuyenera kuzinena mokweza mvula isanayambe.

Chinanso chimene sitimakamba ndi cha mumtima. Amayi ena anataya ana atatu usiku umodzi, amabwera pathebulo pathu tsiku lililonse kuti mutu ukundiwawa, timawapatsa panado, mawa abweranso, mpaka tinazindikira kuti amangofuna pokhala pali munthu. Ine kwa miyezi ingapo mvula ikamagunda pamalata tulo timandithawa. Ndinachita kukamba ndi mnzanga wa zamaganizo ndipo zinandithandiza, inunso musadzachite manyazi kutero, komanso musadzapite nokha opanda mnzanu woti muzikambirana naye madzulo.

Ndiye mupite kapena ayi?

Pitani, ngati thupi lili bwino ndipo pakhomo sipakhala njala chifukwa mwachokapo. Koma osangotulukira pakampu ndi yunifolomu. Kalembetseni ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu (DHO) panopa, mukaonane ndi mkulu wa anamwino, kapena ku nthambi ya Malawi Red Cross Society imene muli nayo pafupi, chifukwa makampu amayendetsedwa ndi khonsolo pamodzi ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo mankhwala amadzera kuchipatala cha boma, mukakhala kunja kwa dongosolo limenelo mudzakhala ndi manja okha. Layisensi yanu ya ku Nurses and Midwives Council ikhale yolipiridwa, muijambule isungidwe mufoni. Funsani poyera musanayambe kuti thiransipoti ndi chakudya alipira ndani, mugona kuti, wokuyang'anirani ndani, ndipo mukamaliza akulembereni kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito, idzakuthandizani pa intavyu. Mukafika yambani mwafunafuna ma HSA, alangizi a zaumoyo a deralo, amadziwa nyumba iliyonse komanso amene ali pa mankhwala, ndipo pezani kangodya kobisika koti munthu angakuuzeni za ma ARV popanda wina kumva. Ngati kuli katemera wa kolera kamweni monga akupatsirani, tengani neti yanu, majombo, tochi ndi pawabanki. Makolowo muwauze masiku enieni amene mukakhaleko ndi tsiku lobwerera, ndipo ngati mungasankhe nokha nthawi, sankhani kupita pamene gulu loyamba latopa likubwerera kwawo.