Aldebaran: nyenyezi imodzi, mayina ambirimbiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu owerenga. Akuti analoza foni kumwamba usiku, ndipo pulogalamu yoonera nyenyezi inawasonyeza nyenyezi ina yofiirira italembedwa kuti Aldebaran, Alpha Tauri, 87 Tauri, pansi pake mawu akuti red giant, kutanthauza chimphona chofiira. Funso lawo ndi ili: dzina lenileni ndi liti, nanga chimphona chofiira n'chiyani poti m'maso nyenyeziyo ndi kadontho chabe, ndipo kufiira kwake n'kokayikitsa?

Ndiyambe ndi chimphonacho, bwanawe, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Nyenyezi siibadwa ili chimphona chofiira. Umenewu ndi msinkhu, ukalamba wake. Pa zaka mabiliyoni ambiri nyenyezi imasandutsa mpweya wa haidrojeni kukhala mpweya wina wotchedwa hiliyamu pakatikati pake, ndipo kuwala kumachokera m'ntchito imeneyi. Haidrojeni wa pakatipo akatha, pamalopo pamafinyika n'kutentha kwambiri, ndipo ntchito ija imasamukira m'chigawo chozungulira pakatipo. Mphamvu yotuluka pamenepo imakankha zigawo zakunja, nyenyezi n'kufufuma. Ikafufuma chotero, kunja kwake kumazirala.

Munaonapo chitsulo chikuwotchedwa pamoto waukulu? Chimayamba ndi kufiira, kenako chimapita kuchikasu, chikatentha zedi chimayera mbee. Nyenyezi nazo n'chimodzimodzi: yofiira ndiye yozizirirapo. Kunja kwa dzuwa lathu kumatentha madigiri seshasi pafupifupi 5,500, pomwe kwa Aldebaran ndi pafupifupi 3,600 basi. Komabe imawala kuposa dzuwa ka 400 kapena kupitirirapo, chifukwa cha kukula kwake. M'mimba mwake ndi motalika ka 44 poyerekeza ndi dzuwa, moti mutaiika pamalo pa dzuwa ingafike theka la mtunda wopita ku Mercury, pulaneti yoyandikana kwambiri ndi dzuwa. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti kulemera kwake sikusiyana kwenikweni ndi kwa dzuwa. Ndi thupi lomwelo, langotupa. Imaoneka ngati kadontho chifukwa kuwala kwake kumayenda zaka 65 kuti kudzafike kuno.

Pa za mtunduwo simunalakwitse. Aldebaran ndi yaolenji, ngati khala lomwe layamba kuzirala. Akatswiri amailemba kuti K5 III: K5 ikunena za katenthedwe, III ikunena kuti ndi chimphona. Zofiira kwambiri zili m'gulu la M. Musaisokoneze ndi Betelgeuse, yomwe ili chapafupi mumlengalengamo, chifukwa iyo ndi ya gulu lina, la nyenyezi zikuluzikulu kuposa pamenepa. Dzuwa lathu nalo lidzafufuma chonchi pakapita zaka pafupifupi 5 biliyoni.

Tsopano mayina. Aldebaran ndi dzina lochokera ku Chiarabu, al-Dabaran, kutanthauza wotsatira, chifukwa usiku wonse imayenda pambuyo pa Nsangwe, kagulu kaja kamene m'mabuku amati Pleiades. Alpha Tauri ndi ntchito ya Johann Bayer wa ku Germany, amene mu 1603 anasindikiza mapu a nyenyezi n'kumazipatsa zilembo za Chigiriki m'gulu lililonse la nyenyezi zopanga chithunzi kumwamba. Kawirikawiri Alpha imapita kwa yowala kwambiri, ndipo Tauri akutanthauza kuti ndi ya m'gulu la Taurus, ng'ombe yamphongo. Pa chithunzi cha ng'ombeyo, Aldebaran ndiye diso. Nambala ya 87 ikuchokera pa ndandanda ya John Flamsteed wa ku England, momwe nyenyezi zinawerengedwa kuchokera kumadzulo kupita kummawa. Palinso HD 29139, nambala yake pa ndandanda ina, koma imeneyo asiyireni a kafukufuku.

Ndiye lenileni ndi liti? Onsewo ndi olondola, kungoti mu 2016 bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union linavomereza Aldebaran kukhala dzina lake lokhazikika. Ine ndimakonda lomwelo, poti ndi lokhalo lomwe limakuuzani kopenya.

Mukafuna kuipeza popanda foni, yang'anani nyenyezi zitatu zondondozana zija za Akamwiniatsatana, mutsate mzere wake kulowera kumene kuli Nsangwe. Musanafike, mukumana ndi nyenyezi yaolenji itakhala kunsonga kwa kagulu kooneka ngati V. Kaguluko ndi Hyades, ndipo Aldebaran si mbale wawo. Iwo ali kutali kuposa kuwirikiza kawiri, pa mtunda wa zaka pafupifupi 150 za kuyenda kwa kuwala. Iyo yangopezeka pakati pa ife ndi iwo.