Za mendulo ya Arctic Star

Mwafunsa ngati asilikali apamadzi a ku Britain amene ankaperekeza sitima za katundu wankhondo kupita ku madoko a Murmansk ndi Arkhangelsk kumpoto kwa Russia pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, pakati pa 1941 ndi 1945, analandira mendulo yawoyawo. Analandiradi, koma mochedwa zedi, pakuti Arctic Star inayamba kuperekedwa mu 2013, ambiri mwa iwo atamwalira kale. Kwa ine kuchedwaku n'komvetsa chisoni, makamaka ndikakumbukira ulendo wa gulu la sitima lotchedwa PQ 17 wa mu Julaye 1942, pamene ndege ndi sitima zapansi pamadzi za Germany zinamiza sitima 24 mwa 35 m'nyanja yozizira koopsa ya Arctic. Achibale a omwalira amaloledwa kupempha menduloyi m'malo mwawo, ndipo ku Loch Ewe ku Scotland, kumene maulendo ambiri ankanyamukira, kuli mwala wachikumbutso.