Mtima wa pa kompyuta umamangidwa ndi masamu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene wamaliza Fomu 4. Masamu ndi fizikisi anakhoza bwino zedi, koma mapointi sanamukwanire kuti asankhidwe kukaphunzira udokotala. Bambo ake akuti abwereze mayeso chifukwa "pakhomo pano pakufunika dokotala." Iye anaona vidiyo pa YouTube ya mtima ukugunda pa kompyuta, madokotala akuyesererapo opaleshoni asanakhudze wodwala. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ntchito imeneyi ndingaigwire osakhala dokotala? Ndiphunzire chiyani? Bambo akuti ndi masewera."

Makalata otere amandipeza chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka. Chimasintha ndi vidiyo yokha.

Mwananga, ungaigwire. Ambiri mwa anthu amene amamanga ziwalo za pa kompyutazi ndi mainjiniya, akatswiri a masamu ndi olemba mapulogalamu, ndipo dokotala amabwera kudzawauza vuto limene akukumana nalo. Koma vidiyo ija yakuonetsa chikomekome cha mkuyu. Mtima wofiira uja ndi utoto chabe umene amapaka pomaliza, ntchito yeniyeni itatha.

Tiye titenge munthu amene nyonga yake yaperepeseka, ndipo akufuna kumuika yachitsulo. Sikani ya CT imatulutsa zithunzi mazanamazana, chilichonse ngati kagawo kopyapyala ka ntchafu yake. Wina amakhala pansi n'kumalemba malire a fupa pa zithunzizo, kulisiyanitsa ndi mnofu. Pulogalamu imathandiza, koma pamene fupa lafooka malire saoneka bwino, ndipo umakonza ndi dzanja mpaka maso kuwawa. Ukatero fupa lija umaligawa tizidutswa masauzande ambiri, kalikonse n'kukapatsa kuuma kwake malinga ndi mmene kakuwalira pa sikani. Kenako umalowetsa chitsulocho m'fupamo, pa kompyuta pomwepo, n'kulisenzetsa katundu amene nyonga imasenza munthu akamayenda, yemwe amaposa kawiri kulemera kwa thupi lonse. Kompyuta imawerengera mmene kachidutswa kalikonse kakupanikizikira.

Chimene akufunafuna n'chiyani? Chitsulo cha titanium n'chouma pafupifupi kasanu kuposa fupa, choncho chimalanda katundu yemwe fupa limayenera kusenza. Tsono fupa ndi laulesi: likasiya kusenza limayamba kupyapyala, monga anafotokozera dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, mu 1892. Pakapita zaka chitsulo chimagwedera, munthu n'kubwereranso ku opaleshoni. Injiniya akaona pa kompyuta malo amene fupa likupuma mopitirira, amasintha kaumbidwe ka chitsulocho n'kuyesanso, kakhumi kapena kazana, popanda kucheka munthu ngakhale mmodzi.

Njira yogawa chinthu tizidutswayi dzina lake ndi finite element method. Inayambira kwa opanga ndege m'zaka za m'ma 1950, dzinalo analipereka injiniya wa ku America, Ray Clough, mu 1960, ndipo mu 1972 akatswiri a ku Netherlands anaigwiritsa ntchito pa fupa la ntchafu. Magazinso ndi chimodzimodzi. Mu 2014 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza pulogalamu ya kampani ya HeartFlow, imene imatenga sikani ya mtima n'kuwerengera ngati mtsempha wothina ukuchepetsadi magazi, pogwiritsa ntchito masamu omwewo a kayendedwe ka madzi m'mapaipi.

Ndiye uphunzire chiyani? Ine ndimalimbikitsa mechanical engineering, uinjiniya wa makina. Ndikudziwa kuti dzina la biomedical engineering, uinjiniya wa zachipatala, ndi limene likukukoka, ndipo si loipa, koma usasankhe kosi chifukwa cha dzina. M'masukulu ena kosi imeneyo imatsamira kwambiri pa kusamalira ndi kukonza makina a m'chipatala, ntchito yofunika ndithu koma yosiyana ndi imene ukulotayi. Peza mndandanda wa maphunziro a zaka zonse ndipo uone ngati muli masamu a calculus, linear algebra, differential equations, numerical methods, maphunziro a kulimba kwa zipangizo ndi a kayendedwe ka zamadzimadzi. Zikasowa zimenezi, dziwa kuti kumeneko sakakuphunzitsa kumanga fupa la pa kompyuta. Ngati mtima wako uli pa makina ophunzitsira madokotala, aja ogwira zipangizo m'manja uku ukuyang'ana pa sikirini, computer science ndi khomo labwinonso.

Tsopano ndikuuze zowawa. Digiri yoyamba siikupatsa ntchito imeneyi. Malo ake ndi ochepa, ali m'mayunivesite ochita kafukufuku ndi m'makampani opanga zipangizo zachipatala, ndipo ambiri amafuna masters kapena PhD. Ukunena zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa, mwinanso kukaphunzira kutali, ndiponso kulimbirana sikolashipu ndi anthu amene anayamba kulemba mapulogalamu ali ana. N'chifukwa chake ndakakamira mechanical engineering. Ukakanika kufika ku mafupa, masamu omwewo amawerengera milatho, magalimoto ndi mapampu, ndipo sudzagona ndi njala.

Bayoloje usaitaye poganiza kuti wathana nayo. Dokotala wa opaleshoni akadzakuuza kuti mnofu wa chiwindi sumveka choncho pa mpeni, uyenera kumumva ndi kudziwa nambala yoti usinthe. Kompyuta imayankha molimba mtima ngakhale waipatsa zabodza, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuyerekeza yankho lake ndi fupa lenileni limene lathyoledwa mu labotale.

Inu bambo, mawu akuti masewera aja ndiye andiwawa. Mu 2002 ku yunivesite ya Yale ku America anagawa pawiri madokotala 16 ophunzira opaleshoni, ena n'kuyeserera kaye pa kompyuta, ena ayi. Pochotsa ndulu mwa odwala enieni, oyeserera aja anafulumira ndi 29 peresenti ndipo zolakwitsa zawo zinali zochepa kwambiri. Makina amenewo anawapanga ndi anthu ngati mwana wanuyu. Mukufuna ataye chaka chathunthu kuthamangitsa mapointi a kosi imene m'kalata yake yonse sanaitchule n'kamodzi komwe kuti amaikonda. Ndawaona ana obwereza chifukwa choopa makolo. Ena amakhozadi, n'kukavutika zaka zambiri ndi ntchito imene mtima wawo sunaifune. Kodi amene akufuna kutchedwa dokotala ndi iyeyo, kapena ndinu amene mukufuna kutchedwa bambo a dokotala?

Nawenso mwananga sindikusiya. Vidiyo imodzi si maitanidwe. Chaka chino ndi mtima wa pa kompyuta, chaka chamawa udzaona ina ya maloboti n'kundilemberanso. Dzifunse moona: ngati chimene ukulakalaka ndi kuima pambali pa wodwala n'kumugwira ndi manja ako, bambo ako akunena zoona, bwereza. Koma ngati umasangalala samu ikakuvuta masiku awiri kenako n'kutheka, dziyese usanakangane ndi aliyense. Pulogalamu ya 3D Slicer ndi yaulere ndipo ili ndi masikani oyeserera. OpenSim ya ku yunivesite ya Stanford, yoonetsa mmene minofu imakokera mafupa munthu akamayenda, ndi yaulerenso, chimodzimodzi FEBio ya ku University of Utah. Yamba kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ola limodzi patsiku.

Ndikukupatsa miyezi itatu. Tenga sikani imodzi mu 3D Slicer, ulekanitse fupa limodzi lokha ndi mnofu mpaka liime palokha pa sikirini, ukawaonetse bambo ako. Ukakhala kuti sunatope nazo, undilemberenso tikambirane za mafomu a ku yunivesite.